Makina Akufa a mu Arimazeni

Graça ndi Tomé, ana anga, popeza tsopano ndapuma ntchito ndipo zala zayamba kunjenjemera ndikagwira tizitsulo ting'onoting'ono ta m'makina, ndaganiza zokulemberani za ntchito imene inakulerani. Za ubwana wanga kumudzi amalume anu anakufotokozerani kale, ndipo iwo amazikometsa kuposa mmene ine ndingathere. Ine ndiyambira pa khomo la ofesi.

Lichinga, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Ntchito yoyamba ndinaipeza nditakwatira kale mayi anu, iwe Graça uli kumsana. Ndinalembedwa mu ofesi ina ya boma m'tauni muno kuti ndizithandiza a Baltazar, mkulu amene ankakonza makina otayipira. Anali munthu wamfupi, wa ndevu zotuwa, wosakonda kulankhula m'mawa. Tsiku loyamba sanandipatse chomasulira. Anandikhazika pa benchi pafupi ndi amayi olemba makalata, nati, "Mvetsera. Ukadziwa makina amene akudwala pakati pa awa, ubwere undiuze." Ndinakhala pamenepo mpaka masana, makutu ali tcheru, ndipo pamapeto ndinamva kuti makina a pakona ali ndi chilembo chimodzi chimene chinkagunda mofooka. Nditawauza anangogwedeza mutu n'kundipatsa kansalu koyera. "Chilichonse chimene wamasula uziika apa, motsatana. Wotaya parafuzu, kamsomali kopota komangira makina, amadzataya ntchito."

Makompyuta oyamba anafika pa lole kuchokera ku Nampula. Anali awiri, ndipo anawaika mu ofesi ya mlembi wamkulu, Dona Inês. Kwa masabata angapo anthu ankangodutsa pakhomo n'kusuzumira. Poona fumbi lofiira la kuno, amayi a mu ofesi anawasokera zophimbira za kapulana, chitenje cha kuno, za maluwa, zokongola ndithu. Vuto linabwera m'nyengo yozizira, pamene tonse tinkagwira ntchito titavala majekete. Dona Inês anayamba kusiya bokosi la kompyuta yake lili lofunditsidwa ngakhale likugwira ntchito, napindanso kabulangete pansi pake. Tsiku lina kunamveka fungo la waya wopsa, galasi n'kuzima. "Ine ndimati lisazizidwe," anatero mayiyo misozi ili m'maso. "Mwana wanga ndimamufunditsa, nanga chinthu chodula chonchi ndichisiye pamtetete?" Palibe amene anamuseka, chifukwa tonse tikanachita chimodzimodzi. A Baltazar anatsegula bokosilo, nayang'ana m'kati nthawi yaitali, kenaka anandiitana. "Anselmo, muno mulibe chimene ndikuchidziwa. Mulibe lamba, mulibe chitsulo chogunda. Ine maso atha. Akafuna munthu woti akaphunzire, ndikatchula iwe."

Mayi anu sanakondwe poyamba. "Makina otayipira ndimawaona, amalira, amalemba," anatero. "Zagalasi zanuzi zikadzatha fashoni tidzadya chiyani?" Ndinati, "Felizarda, sindikudziwa. Koma a Baltazar akuti ndipite." Anapitiriza kusankha nyemba, kenaka anati, "Ndiye mukaphunzire zenizeni, musakangoona tauni." Ndinapita ku Nampula, ndipo tauniyo sindinaione.

Cuamba, zaka zoyambirira za m'ma 2000

Nditabwerako ananditumiza ku Cuamba, kumene maofesi angapo anali ndi makompyuta koma opanda wowayang'anira. Iwe Tomé unabadwira kumeneko. Kwa munthu wokulira pamwamba pano pozizira, kutentha kwa ku Cuamba kunali chilango, ndipo makina nawonso ankakumva. Bwana wanga anali a Macuácua, munthu wa kum'mwera, wamtali, wachangu, amene ankalankhula Chipwitikizi chokha. Kompyuta ikachedwa ankaimenya ndi chikhatho ngati bulu, kenaka n'kufuula, "Mestre!" Kuyambira pamenepo dzina langa linasowa, aliyense ankangonditcha Amisiri.

Zipangizo zinali zosowa. Ukapempha kanthu, pempho linkakwera ku Lichinga, kuchoka apo n'kupita kumene linkapita, ndipo kanthuko kankafika pa sitima mvula itabwera n'kupita. Choncho ndinaphunzira zimene m'kalasi sanatiphunzitse. Fumbi ndinkalichotsa ndi pampu ya njinga. Memoriya, kachidutswa kokumbukira zimene makina akuchita, ikakana ndinkaipukuta mano ake ndi rabala ya mwana wa sukulu. Mu fonti, kabokosi kamene kamalandira magetsi n'kugawira ziwalo zonse, ndinapezamo mphemvu, nyerere, ndipo tsiku lina buluzi wouma gwa. A Macuácua atandipeza nditagunditsa khutu pa bokosi anaseka kwambiri. "Kodi iwe ndiwe mmisiri kapena sing'anga?" Ndinati, "Bwana, disiku ikamafa imayamba yadandaula. Iyi yayamba. Tisamutse zimene zilimo lero." Anandimvera, ngakhale sanasiye kundiseka.

Kwa bwana ameneyu ndinaphunzira lamulo limene linadzandivutitsa m'tsogolo. Chinthu chilichonse cha boma chili ndi nambala yomatidwa pamsana pake. "Nambala imeneyi ndi dzina lake," anandiuza. "Chikafa sichiikidwa m'manda, sichitumbulidwa, sichichotsedwa ngakhale parafuzu mpaka komiti ibwere kudzachitsimikizira kuti chafa. Ukonze chamoyo. Chakufa uchisiye chathunthu." Lamuloli silinali lachabe. M'boma lina mnzathu anachotsedwa ntchito chifukwa ankatulutsa ziwalo m'makina akufa n'kumagulitsa kumsika, ndipo komiti itafika inapeza mabokosi opanda kanthu ngati zigoba za nkhono. Ine lamuloli ndinalilemekeza zaka zonse, ndipo ngakhale lero sindinganene kuti amene analikhazikitsa anali opusa.

Chiuaula, chakumapeto kwa zaka zomwezo

Kenaka anandibwezera kuno kwathu, pa sukulu yophunzitsa aphunzitsi, ndipo tinamanga nyumba yathu ino ya ku Chiuaula. Ndinali woyang'anira chipinda cha makompyuta. Mphunzitsi wa phunzirolo analipo wake. Ine ntchito yanga inali kuonetsetsa kuti akalowa m'mawa makina ayaka. Choko sindinkachigwira, ndipo ophunzira ankandidziwa ngati mdala wokhala pansi pa matebulo.

Nthawi imeneyo ndi pamene malaputopu anayamba kuchuluka. Mukukumbukira mmene khonde lathu linkadzazira Loweruka, anamwino, aphunzitsi, ngakhale abambo a kutchalitchi, aliyense ndi chikwama chake. Ambiri ankabwera asanagule, atabwereka kwa wogulitsa, kuti ndiwaonere. Iwo ankayang'ana kuwala kwa galasi ndi kupyapyala kwake. Ine ndinkaitembenuza chagada. Ndinkaona ngati ili ndi maparafuzu oti munthu angamasule, ngati batire limachoka, ngati mpweya uli ndi potulukira. Ndinkaitsegula n'kuitseka kangapo ndikumvetsera mahinji, chifukwa laputopu zambiri zimafera pakhosi. Kenaka ndinkaiyatsa, n'kuisiya ikugwira ntchito pamene tikumwa tiyi, ndipo ndikamaliza kapu ndinkaika chikhatho pansi pake. Ikatentha ngati mwala wa pamoto ndinkati, "Ibwezeni." Mnyamata wina wa kubanki anakwiya nane. "Amisiri, iyi ndi yamakono, yachokera kunja sabata yatha!" Ndinati, "Ndi yokongola, bambo. Koma anaimata ndi ulimbo, ndipo wakuikonza ali kunja komweko." Mayi anu ankandiseka akadutsa ndi thireyi. "Mukanandiyeza chonchi musanandikwatire, bwenzi mukadali osakwatira." Zimenezi ndikulemberani kuti muzizikumbukira pogula zanu: musamaike laputopu pa matiresi, muzizula waya kukayamba kugunda, ndipo ikanyowa musaiyatse kuti muone ngati ikadali ndi moyo.

Za kudwala kwa mayi anu sindilemba zambiri. Munalipo. Mulungu anawatenga m'nyengo ya masika, ndipo khonde linakhala zii kwa miyezi. Ndinabwerera kuntchito msanga chifukwa m'nyumba munali mokula kwambiri. Amene anandigwira dzanja masiku amenewo anali Che Mbwana, wosunga makiyi a arimazeni, nyumba yosungiramo katundu pasukulupo. Anali Myao wa ku Assumane, Msilamu, wa nthabwala zosatha. Masana aliwonse ankandiitana kudzamwa tiyi pakhomo pa arimazeni. "Bwerani, Amisiri, tikhale pamanda pano," ankatero, chifukwa m'katimo munali mutaunjikana makompyuta akufa a zaka zambiri, akudikira komiti imene sinkabwera.

Dzinja la mphezi, pakati pa zaka za m'ma 2010

Chaka chimenecho iwe Graça unali ku Nampula kumaphunziro ako, Tomé ali ku sekondale, ndipo ine ndinali pafupi kukwezedwa pa udindo umene ndikanapuma nawo. Mvula yoyamba inabwera ndi ukali. Tsiku lina masana mphezi inagwa pa mtengo wa magetsi kuseri kwa sukulu. Ndinali kuchipatala kukapimitsa maso, ndipo amene anali m'chipinda anathawa osazula mawaya. Sindinawadzudzule. Munthu ukamva kugunda kotero umayamba wakumbuka moyo wako. Nditafika ndinapeza fungo lija ndinalimva koyamba mu ofesi ya Dona Inês, koma tsopano litadzaza chipinda chonse. Makina amene anatsala amoyo anali awiri okha.

Ophunzira a chaka chomaliza anali ndi mayeso a kompyuta kumapeto kwa chaka, mayeso ochita ndi manja pamaso pa oyesa. Wosalemba mayeso amenewo sakanalandira satifiketi, ndipo wopanda satifiketi sakanatumizidwa kukaphunzitsa. Akanayenera kudikira chaka china. Ambiri anali ana a alimi a chimanga, nyemba ndi mbatatesi a m'midzi yozungulira, ndipo makolo awo anali atagulitsa kale zimene akanatha kugulitsa. Tinapempha makina atsopano, yankho linali lakuti tidikire. Tinafunsa kusukulu ina, kumeneko chipinda chinali chodzaza ndi mayeso awo. Mphunzitsi wawo, posowa chochita, anawajambulitsa mabatani a kompyuta pa makatoni. Tsiku lina ndinadutsa pawindo ndipo ndinaona anthu akuluakulu, ena okwatira, akugogoda zala pa katoni mwakhama, mtsogoleri wa kalasi, mtsikana wotchedwa Celestina, akuwawerengera zilembo. Ndinapita kukakhala pakhomo pa arimazeni.

"Ndikudziwa chimene mukuganiza," anatero Che Mbwana. "Lekani."

"Sindinanene kanthu."

"Maso anu anena. Akuyang'ana pa loko ngati fisi pa khola. Wallahi, Amisiri, ine ndili ndi ana odzaza mphasa ziwiri. Mukufuna ndikagulitse makala ku Assumane?"

Ananena zoona. Ndinkadziwa makina onse a m'katimo, chifukwa ndine ndinawalengeza kuti afa. Ndinkadziwa kuti ili lapsa ubongo, chiwalo chimene chimalamulira zina zonse, koma fonti yake ndi yabwino, ilo lafa disiku koma memoriya ndi yamoyo. Mphezi inali itapha makamaka mafonti. Ziwalo zimene ndinkazifuna zinali kuseri kwa chitseko chimenecho.

Ndinapita kwa mkulu wa sukulu, Dona Rosária, mayi wanzeru amene anali atanyamula sukuluyo pamutu zaka zambiri. Ndinamufotokozera. Anatseka chitseko, navula magalasi. "Amisiri, ine zimene mwanenazi sindinazimve. Makiyi amasunga Che Mbwana. Loweruka pasukulu pano sipakhala munthu." Ndinamvetsa. Ankandipatsa njira, ndipo ankandifunira zabwino. Koma ndikuyenda kubwerera kunyumba ndinaona pamene njirayo inkathera. Tsiku limene komiti ikanadzabwera n'kupeza mabokosi otsegulidwa, funso loyamba likanakhala lakuti, makiyi anali ndi ndani? Ine ndikanakhala nditapuma ntchito, Dona Rosária sanamve kanthu, ndipo wotsala pakhomo akanakhala Che Mbwana.

Sabata imeneyo sindinadye bwino. Ndinkaganiza za iwe Graça, kuti ndikachotsedwa ntchito ubwerera kunyumba maphunziro ali pakati. Ndinkaganizanso kuti mwina ndikudzikuza, kuti ophunzirawo si ana anga, ndipo boma limene linaika lamulo ndi lomwenso linaika mayeso. Lamlungu nditatuluka m'tchalitchi ndinapita kumanda kwa mayi anu. Ndinazula udzu, ndinapemphera, ndinawafotokozera zonse monga ndinkachitira kale. Sindikunamizani kuti ndinamva liwu. Ndinangoona kuti pofotokoza nkhaniyo mokweza, mbali imene inkandichititsa manyazi inali ya Loweruka lopanda anthu. Kutsegula makinawo sikunkandichititsa manyazi.

Lolemba tinali ndi msonkhano wa ogwira ntchito onse. Pa zaka zonse ndinali ndisanalankhulepo pa msonkhano umenewo, choncho nditaimirira ena anaganiza kuti ndikupita panja. Ndinati, "Mayi Diretora, ndikupempha kuti amene akulemba zokambirana alembe izi. Ine Anselmo nditsegula makina akufa a mu arimazeni kuti ndidzutse a m'chipinda cha ophunzira. Lamulo ndikulidziwa. Palibe amene wandituma. Che Mbwana andikaniza, ndipo zimenezonso zilembedwe."

Dona Rosária anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapuma mozama. "Amisiri, inu simungachite zinthu ngati anthu ena?" Ena anaseka, koma iye sanaseke. Anatambasula dzanja kwa Che Mbwana, natenga makiyiwo, nawaika pakati pa tebulo. Sanandipatse. Anangopitiriza ndi nkhani yotsatira, ya denga la khitchini. Ndinayenda kuchoka kumbuyo mpaka kutsogolo, aliyense akundiona, n'kuwatola.

Ntchitoyo ndinaigwira masana okhaokha, chitseko chili pululu. M'mabokosi ena munali zisa za mavu, ena makoswe anali atadya mawaya. Chiwalo chilichonse chimene ndachotsa ndinkachimata kapepala ka nambala ya bokosi limene chachokera. Ena mwa mafonti amene ndinkawadalira anandikhumudwitsa, chinyontho chinali chitawalowa. Makina ena ankayaka n'kulira katatu, ndikasintha memoriya n'kukhala chete ngati mwana woyamwa. Limodzi linandivuta masiku angapo, lili ndi ubongo wa uku, disiku ya uko, fonti ya kwina, ndipo linkazima lokha likatentha chifukwa kachopemerera kake kanali kokalamba. Che Mbwana, amene anali atanena pamaso pa anthu kuti sakhudza kanthu, ankaima pakhomo manja ali kumbuyo n'kumandilangiza. "Limenelo ndi la mitala, Amisiri. Silingakhale pa mtendere." Pamapeto makina asanu ndi atatu anadzuka. Ophunzira anataya makatoni aja n'kuyamba kulowa mosinthana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Sabata ya mayeso

Zokambirana za msonkhano zimakwera ku ofesi yaikulu monga mwa nthawi zonse, ndiye sindinafufuze ngati panali wina amene anakanena. Lolemba la sabata ya mayeso kunafika inspetori, a Lázaro, munthu wowonda wa chifuwa chosatha, atanyamula chikwama chakale. Analowa mu arimazeni, naona mabokosi otsegula. Analowa m'chipinda, nandiuza kuti nditsegule limodzi mwa makina odzutsidwa aja. Anawerenga timapepala tija kamodzikamodzi.

"Mwagulitsapo kanthu?"

"Ayi, bwana. Zonse zilipo. Zangosamuka."

"Lamulo mukulidziwa?"

"Ndikulidziwa."

"Ndiye mukudziwanso kuti ine sindingalembe kuti ndapeza zili bwino." Anatsokomola, napukuta pakamwa. "Ndikalola inu chifukwa muli ndi mtima wabwino, mawa wina adzatsegula ndi mtima wina, ndipo adzatchula dzina lanu. Nkhani yanu ipita pamwamba. Chiwalo chilichonse chibwerere m'bokosi lake, ndipo ndione ndi maso anga."

Celestina ndi anzake anali pa makina, zala zitaima m'malere. Ndinafunsa, "Liti, bwana?"

A Lázaro anatembenuka. Anapita pakhomo pamene panamatidwa ndondomeko ya mayeso, naiyang'ana ngati munthu amene akungodikira kuti chifuwa chitsike. Mayeso a kompyuta anali Lachinayi. "Ndili ndi ulendo wa ku Mandimba," anatero. "Msewu ndi woipa ndi mvulayi. Sindikuona kuti ndingabwereko lisanafike Lachisanu."

Lachinayi kunacha kuli mitambo, ndipo ndinapemphera kuti kusagunde. Ophunzira analowa m'magulu. Gulu lachitatu lili pakati, makina a mitala aja anayamba kutentha, kachopemerera kataima. Pa makinawo panali bambo wina wa ku Sanga, wamkulu kuposa anzake, amene anali atangotsala pang'ono kumaliza. Likanazima, ntchito yake yonse ikanapita. Ndinapempha chilolezo kwa oyesa, ndinachotsa chitseko cha m'mbali cha bokosilo, koma mpweya unali wochepa. Che Mbwana anathamangira kukhitchini, nabwera ndi lichero. Anagwada pansi pa tebulo ndi mkanjo wake woyera n'kuyamba kupemerera ngati akukoleza mbaula. "Lembani, bambo, lembani," ankanong'oneza. "Ine mkono ndi umodzi." Oyesa anayesetsa kuti asaseke. Makinawo anapirira mpaka gulu lomaliza, tikusinthana lichero. Onse analemba. Si onse anakhoza bwino, koma palibe amene anabwerera kumudzi chifukwa chosowa pogwira.

Chilango changa chinabwera patapita miyezi, ndipo mbali imeneyi mukuidziwa. Sanandichotse ntchito. Anandilembera chidzudzulo, kukwezedwa kuja kunafera pomwepo, ndipo zaka zanga zomaliza ananditumiza ku Meponda, pa sukulu imene inali ndi kompyuta imodzi yoyendera dzuwa. N'chifukwa chake iwe Tomé unakhala kwa azakhali ako, ndipo iwe Graça unamaliza maphunziro ukuphunzitsa ana a anthu madzulo. Mtolo umenewo munausenza ndinu osaufunsidwa, ndipo ndikuudziwa kulemera kwake. Che Mbwana anapuma ntchito pa nthawi yake, mbiri yake ili yoyera. Dona Rosária sindinamusungire kanthu, a Lázaro chimodzimodzi. Aliyense anachita zimene akanatha pamalo pamene anaima.

Koma ndikufuna mudziwe za Lachisanu lija, chifukwa sindinakuuzenipo. A Lázaro anafika m'mawa monga ananenera, nakhala pa mpando wakumbuyo m'chipinda cha makompyuta, chikwama chili pamiyendo. Ndinabweretsa mabokosi akufa aja n'kuwandandalika kutsogolo. Ndinkaganiza kuti tidzakhala awiri, chifukwa mayeso anali atatha ndipo ophunzira anali omasuka kupita kwawo. Ndikumasula parafuzu yoyamba ndinamva mapazi. Analowa onse, ena atanyamula kale zikwama za ulendo, nakhala m'mipando, ena pansi. Celestina anaimirira.

"Amisiri, tamva kuti mukuwapha lero."

"Ndikuwabwezera kwawo, mwanangu."

"Ife tikupita kumasukulu a kumidzi. Kumeneko kulibe Amisiri. Ndiye tagwirizana kuti, poti mukutsegula kale, muzitiuza chilichonse chimene mukuchotsa, dzina lake, ntchito yake, ndi mmene chimadwalira." Anatembenukira kumbuyo. "Ngati abwana alola."

A Lázaro anakweza mapewa. "Ine ndabwera kudzaona ziwalo zikubwerera. Za pakamwa pa munthu sizili m'lamulo."

Ndinali ndisanaimepo kutsogolo kwa kalasi. Mawu oyamba anatuluka ngati a munthu wodzuka kumene. Ndinakweza fonti m'mwamba, ndinawauza chimene imachita ndi chimene mphezi imaichita. Ndinaiyendetsa m'manja mwawo kuti amve kulemera kwake. Ndinawauza kuti amvetsere kulira kwa disiku yamoyo ndi kwa disiku yodwala. Ndinaitana bambo wa ku Sanga uja kuti achotse yekha kachopemerera kamene kanatsala pang'ono kumulepheretsa, ndipo atakachotsa anakayang'ana n'kunena kuti, "Iwe, ndiwe wamng'ono chonchi?" Kalasi yonse inaseka. Makina ankazima limodzi limodzi, mabokosi akufa ankatsekedwa limodzi limodzi, a Lázaro akuchonga manambala, ndipo ine sindinamve chisoni chimene ndinkachiyembekezera. Dzuwa linafika pamutu palibe amene watuluka.

Nditafika pa memoriya, ndinaonetsa mmene amaikankhira mpaka timano ta m'mbali titagwira, ndi mmene makina amalirira ikakhala kuti sinakhale bwino. Ndinali pafupi kuibwezera m'bokosi lake pamene kumbuyo kunamveka kukhosomola, kenaka mpando ukukokedwa. A Lázaro anali atasendera kutsogolo, pakati pa ophunzira.

"Amisiri, pepani," anatero. "Mubwerezenso pamenepo. Kumbuyoku sindinaone bwino."

Ndinakweza kachidutswako kuti onse akaone, ndipo ndinayambiranso.

Ndine bambo wanu,
Anselmo